Chala pa makina: zomwe ofufuza apeza boma likayamba kudalira kompyuta

M'chaka cha 2007, nyengo yososa m'minda itayandikira, alimi a paprika oposa 3,000 a m'maboma a Kasungu, Mchinji, Dowa ndi Dedza anapempha ngongole ya mbewu ndi feteleza ku Malawi Rural Finance Company, kampani ya boma yomwe inkabwereketsa alimi ang'onoang'ono. Anapempha kudzera m'makalabu, monga mwa nthawi zonse. Chachilendo chinali chakuti m'theka la makalabuwo, osankhidwa mwamaere, membala aliyense anaika chala pa kamakina kojambula mizere ya chala, ndipo anauzidwa kuti chalacho n'chimene chidzamuzindikiritse akadzafunanso ngongole mtsogolo.

Nthawi imeneyo Malawi analibe chitupa cha unzika. Munthu wothawa ngongole chaka chino ankatha kutulukira chaka chamawa m'kalabu ina ndi dzina lina, wobwereketsa osamudziwa. Ofufuza atatu, Xavier Giné wa ku World Bank, Jessica Goldberg ndi Dean Yang a ku University of Michigan, ankafuna kuona ngati chala chingatseke mpata umenewo.

Zomwe anapeza zinasindikizidwa mu 2012. Kwa alimi omwe ankaoneka kale kuti ndi obweza bwino, chala sichinasinthe kanthu. Anasintha ndi aja omwe ankakayikitsa kwambiri. Iwowa anatenga ngongole zocheperako, feteleza anamuthiradi mu paprika m'malo momupatutsira kwina, ndipo yokolola itakwana anabweza bwino kuposa anzawo omwe sanadinde chala. Kamakinako sikanagwire mbava ngakhale imodzi. Kanangochititsa munthu kudziwa kuti dzina lake lakhala limodzi basi.

Kuchokera nthawi imeneyo maboma padziko lonse athira ndalama zankhaninkhani m'makompyuta. Msonkho, zitupa, malipiro a okalamba, mankhwala a m'zipatala, zonse zikulowa m'makina. Bungwe la United Nations limatulutsa mndandanda zaka ziwiri zilizonse woonetsa maiko omwe ali patsogolo potumikira nzika kudzera pa intaneti, ndipo mu 2024 pamwamba panali Denmark, Estonia ndi Singapore. Koma mndandanda wotere umawerenga zomwe boma laika pa intaneti, kufalikira kwa mafoni ndi netiweki, komanso maphunziro a anthu. Sunena ngati gogo wa kumudzi walandira ndalama yake yonse kapena wabwerera chimanjamanja makina atakana chala chake. Funso limeneli lili ndi ofufuza akeake, ndipo ambiri mwa iwo aponda fumbi la ku India.

Makina ofanana, zotsatira zosiyana

M'chigawo cha Andhra Pradesh, kummwera kwa India, boma limalipira anthu osauka ogwira ntchito zachitukuko m'midzi, zofanana ndi za mthandizi kuno kwathu. Kale ndalamazo zinkadutsa m'manja ambiri zisanafike kwa eni ake. M'kaundula munkapezeka maina a anthu omwe sanagwirepo khasu, ena kuwonjezeredwa masiku, ndipo zotsalazo zinkalowa m'matumba a olipira. Kenako boma linayamba kupereka makadi osunga chidindo cha chala, kuti munthu azilandira yekha ataika chala pa makina.

Mu 2010 ofufuza ena atatu, Karthik Muralidharan, Paul Niehaus ndi Sandip Sukhtankar, anagwirizana ndi bomalo kuti madera oyambira kulandira makadiwo asankhidwe mwamaere, kuti pakhale pofananitsa. Kafukufukuyo anakhudza madera 157 okhala anthu 19 miliyoni. Patapita zaka ziwiri, ndalama zosowa panjira zinali zitatsika ndi 41 peresenti. Nthawi yomwe munthu ankataya kukalandira malipiro inachepa ndi pafupifupi 20 peresenti, ndalama zinkafika msanga, ndipo anthu asanu ndi anayi mwa khumi alionse anati safuna kubwerera ku njira yakale.

M'lipoti lomwelo muli mfundo ina yomwe ogulitsa makina sakonda kuitchula. Pomwe zaka ziwirizo zinkatha, pafupifupi theka lokha la malipiro ndi lomwe linkadutsa pa makadi. Boma silinathamangitse anthu omwe makadi awo anali asanatuluke. Ankalandirabe posayina kapena kudinda chala cha inki. Komanso olipira atsopanowo ankalembedwa m'midzi momwemo, motero malo olandirira anasendera pafupi ndi makomo a anthu.

Ofufuza omwewo anapita ku Jharkhand, chimodzi mwa zigawo zosaukitsitsa za India, m'zaka za 2016 ndi 2017. Kumeneko mabanja osauka amagula mpunga ndi tirigu pa mtengo wotsika kwambiri m'masitolo ovomerezedwa ndi boma. Boma linalamula kuti wogula aliyense aziika chala pa makina olumikizidwa ku Aadhaar, kaundula wa dziko lonse wa anthu oposa biliyoni imodzi momwe aliyense ali ndi nambala ya madijiti 12. Uku chitseko chinali chimodzi: chala chikakana, mpunga palibe.

Zotsatira zake zinali zina. Makinawo paokha sanachepetse kuba. Ndalama ndi nthawi zomwe mabanja ankataya kuti apeze chakudyacho zinakwera ndi pafupifupi 17 peresenti, makamaka chifukwa cha maulendo obwerera padera netiweki itavuta kapena chala chitakana. Mabanja omwe makadi awo a chakudya anali asanalumikizidwe ku Aadhaar anayamba kulandira zochepa. Kenako boma linayamba kuchepetsa matumba omwe linkatumiza kwa eni masitolo molingana ndi zomwe makina ankaonetsa. Apa kuba kunatsikadi, koma eni masitolowo anangokankhira gawo lina la kuchepako kwa ogula, mpaka boma linaimitsa njirayo patangopita miyezi yochepa. Ofufuzawo anawerengera kuti anthu pakati pa 1.5 ndi 2 miliyoni anamanidwa chakudya chawo pa nthawi ina m'kati mwa kusinthaku.

Mu Sepitembala 2017, m'boma la Simdega m'chigawo chomwecho, munamwalira mtsikana wa zaka 11 wa m'banja lomwe khadi lawo la chakudya linali litafufutidwa chifukwa chosalumikizidwa ku Aadhaar. Mayi ake anati mwanayo anafa ndi njala. Akuluakulu a boma anati anali malungo. Nkhaniyi inagwedeza India yense.

Makina a ku Andhra Pradesh ndi a ku Jharkhand sankasiyana kwenikweni. Chinasiyana ndi cholinga cha owagula. Boma loyambalo linkafuna kuti wantchito alandire msanga, ndipo linalolera kutayako pang'ono kusiyana ndi kubweza munthu woyenera. Lachiwirilo maso ake anali pa kupulumutsa ndalama za boma, ndipo mtengo wa zolakwika zonse unagwera wosauka. Pali chinanso chodziwika bwino kwa aliyense wogwira ntchito ndi makina amenewa: mizere ya zala za okalamba ndi za anthu ogwira ntchito zamanja imafufutika. Ndiye kuti amene makina amawakana kawirikawiri ndi omwewo amene thandizolo linakonzedwera.

Chitupa cha unzika ndi mzere wa feteleza

Malawi anapeza chitupa chake mu 2017. M'masiku 180, kuyambira Meyi mpaka Novembala, National Registration Bureau mothandizidwa ndi UNDP inalemba anthu oposa 9 miliyoni a zaka 16 kupita mtsogolo, pogwiritsa ntchito makina pafupifupi 2,000 oyendera mphamvu ya dzuwa. Inali ntchito yotamandika. Posakhalitsa chitupacho chinakhala kiyi wa zonse: kulembetsa mavoti, kulembetsa nambala ya foni, kutsegula akaunti ku banki.

Pomwe pulogalamu ya zipangizo zaulimi zotsika mtengo ya AIP inkayamba mu 2020, makuponi apepala anathetsedwa, ndipo mlimi ankangopita ndi chitupa kukagula thumba la feteleza pa K4,495. Mndandanda wa alimi utafananitsidwa ndi kaundula wa unzika, unatsika kuchoka pa pafupifupi 4.3 miliyoni kufika pa pafupifupi 3.8 miliyoni. Maina obwerezedwa ndi a anthu osadziwika anagwa. Mbali imeneyi inali ngati ya Andhra Pradesh.

Ya Jharkhand nayo inalipo. Wogulitsa ankayenera kusikana chitupa pa foni, ndipo foniyo inkafuna netiweki. Alimi ankafika pa depoti mbandakucha, dzuwa n'kulowa asanagule, ena kugona pomwepo feteleza akumuona ndi maso. Mawu akuti "netiweki yavuta" anakhala nyimbo ya nyengo ya dzinja. Ndipo poti makinawo ankazindikira chitupa osati mwini wake, mavenda sanachedwe kuona mwayi: anayamba kugula zitupa kwa alimi omwe njala inawapana, monga momwe ankagulira makuponi kale. Zitupa zambiri zinalinso ndi tsiku lothera ntchito, moti mizere itachuluka m'maofesi a DC, boma linalengeza mu 2023 kuti zitupa zotha zipitirize kugwira ntchito kwa kanthawi.

Amene ali ndi pasiwedi

Kafukufuku wina wa ku India ali ndi mutu wosekesa koma wowawa, wonena za kumata bandeji pa mtembo. Abhijit Banerjee ndi Esther Duflo, omwe anadzalandira mphoto ya Nobel mu 2019, pamodzi ndi Rachel Glennerster, anatsatira zomwe zinachitika m'boma la Udaipur, komwe anamwino a m'zipatala zazing'ono za kumidzi ankajomba kwambiri. Bungwe la Seva Mandir, mogwirizana ndi akuluakulu a zaumoyo, linaika makina odinda tsiku ndi nthawi, ndipo wojomba ankayenera kudulidwa malipiro. Miyezi isanu ndi umodzi yoyamba anamwino anayamba kupezeka pantchito. Patapita miyezi 16, zipatala za makina zinali zitafanana ndi zopanda makina.

Anapha dongosololi ndi mabwana omwewo amene analivomereza. Anayamba kupatsa anamwino masiku ambirimbiri owalola kusapezeka pantchito, ndipo masiku oterowo sankawerengedwa ngati kujomba. Makina nawo anayamba kuwonongeka motsatizana, ena akuoneka ngati achita kumenyetsedwa kukhoma.

Mmalawi safunika kupita ku Udaipur kuti amvetse zimenezi. Kuyambira 2005 ndalama za boma zinkayendetsedwa ndi kompyuta yotchedwa IFMIS, yomwe inagulidwa kuti tambala iliyonse izisiya mapazi. Mu Sepitembala 2013 kalaliki wamng'ono wa m'boma anapezeka ndi mitolo ya ndalama m'galimoto, ndipo patangopita masiku ochepa mkulu woona za bajeti a Paul Mphwiyo anawomberedwa pa geti la nyumba yawo ku Lilongwe. Zomwe zinatsatira aliyense akuzidziwa ndi dzina loti Cashgate. Akatswiri owerengera chuma a Baker Tilly, ochokera ku Britain, anapeza kuti pafupifupi K13 biliyoni inasololedwa m'miyezi isanu ndi umodzi yokha, kuyambira Epulo mpaka Sepitembala chaka chimenecho.

Njira yake inali yosavuta mochititsa manyazi. Wina ankalowetsa malipiro a kampani yomwe sinagwire ntchito iliyonse, cheke n'kutuluka, ndalama n'kutapidwa ku banki, kenako malipirowo n'kufufutidwa mu kompyuta ngati sanachitikepo. Mapasiwedi ankabwerekanidwa, ndipo ena anali ndi mphamvu yolowetsa, kuvomereza ndi kufufuta. Boma linali litagula loko wamphamvu wa nkhokwe, makiyi n'kuwasiya pakhomo pomwepo. Mtsogoleri wa dziko pa nthawiyo, mayi Joyce Banda, anathetsa nduna zawo zonse mu Okutobala, ndipo maiko opereka thandizo anaimitsa pafupifupi $150 miliyoni yothandizira bajeti. Anamva kuwawa kwake ndi odwala omwe ankauzidwa kuti akagule okha mankhwala.

Izi sizikuyeretsa pepala. Amalawi anaona mu 2019 zomwe Tipp-Ex angachite pa pepala la zotsatira za chisankho, mpaka khoti linafafaniza chisankhocho pa 3 Febuluwale 2020. Kungoti Tipp-Ex amaoneka ndi maso, pomwe mzere wofufutidwa mu kompyuta umafuna katswiri kuti aupeze.

Apa m'pamene Estonia amayenera kutchulidwa, osati chifukwa cha zodabwitsa zomwe alendo amakonda kusimba, monga kuvota pa intaneti komwe kunayamba mu 2005. Dziko la anthu 1.3 miliyonili linamanga njira yotchedwa X-Road mu 2001. Kulibe nkhokwe imodzi yosunga zonse: ofesi iliyonse imasunga zake, ndipo ikafuna za ofesi ina imapempha kudzera m'njirayi, pempho lililonse n'kulembedwa. Nzika ikhoza kulowa pa intaneti n'kuona ofesi yomwe yasuzumira mbiri yake, ndipo wantchito wa boma wosuzumira popanda chifukwa amalangidwa. Nawonso anapunthwapo. Mu 2017 kunapezeka chilema m'makadi a unzika pafupifupi 760,000. Boma linauza anthu poyera, linaimitsa makadiwo kugwira ntchito pa intaneti, n'kuwakonza. Chomwe Capital Hill ingatengepo apa si liwiro la intaneti ya ku Estonia ayi, koma lamulo loti wogwira makina nayenso azisiya mapazi osafufutika.

Palinso funso la mwini makinawo. Kumayambiriro kwa 2024 nthambi yoona zolowa ndi zotuluka m'dziko inasiya kusindikiza mapasipoti kwa masabata angapo. Mu Febuluwale, a Lazarus Chakwera, omwe anali mtsogoleri wa dziko, anauza Nyumba ya Malamulo kuti mbava za pa intaneti zalanda makinawo ndipo zikufuna dipo, lomwe boma silidzapereka. Mabungwe ena anakayikira, n'kunena kuti gwero la vutoli linali kusamvana ndi Techno Brain, kampani yomwe inaika makinawo pa mgwirizano wa $60.8 miliyoni womwe boma linauthetsa mu Disembala 2021. Kaya gwero linali liti, chinaonekera poyera n'chakuti boma silinkatha kudzutsa lokha makina osindikizira chiphaso cha nzika zake. Ofuna kupita ku Joni, ophunzira opeza malo kunja ndi odwala otumizidwa ku India onse anangoti manja lende, mpaka kusindikiza kunayambiranso mu Malichi.

Ku wodi ya ana ku Central

Chitsanzo chabwino koposa cha kuno kwathu chinayamba mwakachetechete. Mu 2001, katswiri wa makompyuta Gerry Douglas anaika makina oyamba ku gawo la ana pa chipatala chachikulu cha ku Lilongwe, chomwe lero ndi Kamuzu Central. Ntchitoyi ndi yomwe inabala bungwe la Baobab Health. Anthu ake anayamba ndi kuonetsetsa momwe chipatala cha boma chimayendera. Magetsi amathima, choncho makinawo ankayendera mabatire. Ogwira ntchito ambiri anali asanagwirepo kompyuta, choncho anachotsa kiyibodi ndi mausi, n'kusiya sikirini yongodina ndi chala. Wodwala amasunga yekha buku lake la kuchipatala, choncho makinawo ankasindikiza kastika kokhala ndi mizere ya nambala yake n'kumata m'bukumo. Akabweranso, kungosikana kastikako mbiri yake yonse yatuluka.

Makinawa anafalikira m'zipatala zopereka ma ARV. Ofufuza Laura Derksen, Anita McGahan ndi Leandro Pongeluppe anasanthula zomwe zinachitika m'zipatala 106 zomwe zinalandira makinawa pa nthawi zosiyanasiyana pakati pa 2007 ndi 2019. Anapeza kuti imfa za odwala zinatsika ndi pafupifupi 28 peresenti, makamaka pakati pa ana, ndipo anawerengera kuti miyoyo pafupifupi 5,000 inapulumuka.

Mankhwala anali omwewo, anamwino omwewo. Chinasintha n'chakuti kale, kuti adziwe amene sanabwere kudzatenga mankhwala, kalaliki ankayenera kufufuza makadi zikwizikwi limodzilimodzi, ntchito yomwe pa chipatala chodzaza inkangosiyidwa. Makina ankatulutsa mndandandawo nthawi yomweyo. Ndiye wina ankaimba foni, kapena kukwera njinga kukamufuna munthuyo kumudzi. Mwana wodalira azakhali kapena agogo kuti amuperekeze ndiye amasowa msanga m'kaundula, ndipo n'chifukwa chake phindu linaonekera kwambiri pa ana.

Pa makina onse omwe atchulidwa m'nkhani ino, awa okha ndi omwe ntchito yawo inali kufunafuna munthu wosowa kuti abwerere, osati kusefa amene waima pamzere. Wodwala wotaya buku lake sankabwezedwa pakhomo.

Komabe mbiri yosungidwa m'makinawa ndi yachinsinsi kuposa ina iliyonse, ndipo kwa zaka zambiri dziko linalibe lamulo lapadera loteteza mbiri za anthu zosungidwa m'makompyuta. Lamulo lotere linayamba kugwira ntchito mu 2024, ndipo udindo wolilondoloza unapatsidwa kwa bungwe la MACRA. Ndalama zoyendetsera makina a m'zipatalawa nazo zakhala zikuchokera kwambiri ku boma la America kudzera mu PEPFAR. Mu Januwale 2025 boma limenelo linaimitsa mwadzidzidzi thandizo lake la kunja, ndipo nkhani ya amene azigula mabatire, mapepala a mastika ndi kulipira okonza makinawo inagwera pa tebulo la Unduna wa Zaumoyo, womwe bajeti yake imaperewera kale ngakhale pa mankhwala.